Amene ankadziwa n'kukhala chete nawonso afunsidwe

Mu Januwale 2025 ku Britain kunabuka mkangano wadzaoneni pa nkhani yoti boma likhazikitse komiti ina yofufuza za kugwiriridwa kwa ana kapena ayi. Andale analozana zala m'nyumba ya malamulo, pa intaneti anthu anatukwanizana usana ndi usiku, koma mawu amene ine anandikhala kumtima anachokera kwa Alexis Jay, mayi amene anatsogolera kafukufuku wamkulu wa za kugwiriridwa kwa ana ku England ndi Wales, uja anatulutsa lipoti lake lomaliza mu Okutobala 2022. Mayiyu ananena kuti nthawi yofufuzafufuza yatha, chatsala n'kuchita zimene komiti yake inalangiza kale. Apa n'kuti patadutsa zaka ziwiri lipotilo litatuluka, ambiri mwa malangizo ake 20 akadali papepala. Anthu amene sakhulupirira makomiti otere anangoti tamvani, mwiniwake wavomera yekha, makomiti ofufuza n'kutaya nthawi ndi ndalama basi.

Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndinene msanga pamene ndaima. Dziko lililonse limene limachotsa ana m'manja mwa makolo n'kuwapereka kwa anthu ena, kaya ndi kusukulu yogonera konko, kunyumba ya ana amasiye, kumalo osungira ana olakwira malamulo kapena kuchipatala, liyenera kufufuza poyera zimene zinkachitika ndi zimene zikuchitika kuseri kwa mipanda imeneyo. Komiti yake ikhale yokhazikitsidwa ndi lamulo, yokhala ndi mphamvu zoitanitsa mafayilo ndi kuitana aliyense kudzayankha atalumbira, ndipo boma lenilenilo likhale pabenchi ya ofunsidwa limodzi ndi mipingo ndi mabungwe. Chifukwa changa n'chimodzi. Munthu angathe kugwiririra mwana kamodzi mobisa, koma sangathe kuzunza ana zaka 20 pamalo amodzi popanda akuluakulu ena oona, akumva, n'kusankha kutseka pakamwa. Anthu oterewa kawirikawiri alibe mlandu woti akayankhe kukhoti. Kumene angafunsidwe ndi kukomiti yofufuza kokha.

Ndili wamng'ono ndinaphunzirako pasukulu ina yogonera konko. Panali mphunzitsi wina wokondedwa, wodziwa ntchito yake, amene ankakonda kuitanira ana kunyumba kwake madzulo, ati akawathandize masamu. Tonse tinkawadziwa ana amene ankaitanidwa pafupipafupi, ndipo tinkadziwanso kuti akabwerera kuhositelo ankangolowa m'bulangete, nkhope kukhoma, osalankhula ndi munthu. Tinkawaseka, Mulungu atikhululukire, chifukwa tinalibe mawu onenera chimene tinkachiona. Tsiku lina pakati pa teremu mphunzitsi uja anangosowa. Ahedi anaima kutsogolo kwa sukulu yonse nati wasamutsidwa, timufunire zabwino kumene wapita, ndipo tinaomba m'manja. Mmodzi mwa ana aja sanabwerenso teremu yotsatira. Tsopano ndakula, ndikudziwa kuti kusamutsa mphunzitsi si nkhani ya pakamwa. Pali amene analemba kalata, pali amene anaisayina, pali amene anamulandira kusukulu inayo n'kumupatsa kalasi yodzaza ndi ana. Anthu atatu kapena anayi, onse a maudindo, onse olandira malipiro mwezi ndi mwezi kuti asamale ana a eni. Ndi anthu amenewa amene ndikuwaganizira m'ndemanga ino.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yoti apolisi ndi makhoti alipo kale, nanga komiti ndi yachiyani? Mfundoyi ili ndi nzeru zake, chifukwa komiti simanga munthu, ndipo wogwiririra mwana kwawo ndi kundende. Koma taonani mmene khoti limagwirira ntchito. Limatenga munthu mmodzi, mlandu wakutiwakuti, tsiku lakuti, n'kufunsa ngati umboni ukukwana popanda chikayiko. Loya akayamba kukumba za ahedi amene anatsekera dandaulo m'kabati, woweruza amamubweza kuti zimenezo sizili pamlandu. Woimbidwa mlandu akamwalira, fayilo imatsekedwa. Ku New Zealand, pachipatala cha Lake Alice, m'zaka za m'ma 1970 ana ankawalanga powagwiritsa shoko ya magetsi popanda mankhwala oletsa ululu, ndi kuwabaya jakisoni wopweteka kwambiri wa paraldehyde. Dokotala amene ankayang'anira chigawo cha anacho, Selwyn Leeks, anasamukira ku Australia ndipo anamwalira mu 2022 asanazengedwepo mlandu pa zimene zinachitika kumeneko. Kwa khoti nkhani inathera pomwepo. Komiti yofufuza ndi imene inalondola madandaulo amene kwa zaka zambiri ankafika kwa apolisi ndi kumaofesi a boma n'kumazimiririka, ndipo pamapeto pake boma linavomera kuti zimene anawo anakumana nazo kunali kuzunza kwenikweni, kuja kumene malamulo a mayiko onse amaletsa. Komanso si zoona kuti komiti imalanda ntchito ya apolisi. Ya ku Australia, imene inagwira ntchito kuyambira 2013 mpaka Disembala 2017, inatumiza nkhani zoposa 2,500 kwa apolisi ndi maofesi ena oyenera. Inkawadyetsa ntchito apolisiwo.

Mfundo yachiwiri ndimaimva kwambiri kwa achikulire: zinapita zimenezo, madzi akatayika saoleka, kale ana ankaleredwa ndi chikwapu ndipo si bwino kuweruza akale ndi muyezo wa lero. Poyankha ndiyambe ndi nambala imodzi. Komiti ya ku Australia inamvetsera anthu oposa 8,000 mmodzimmodzi m'chipinda chapadera, ndipo inapeza kuti munthu ankatha zaka pafupifupi 24 asanauze aliyense zimene zinamuchitikira. Zaka 24! Ndiye kuti nkhani za nkhanza zimafika m'makutu mwathu zitakalamba kale. Mwana amene akuzunzidwa usiku uno mwina adzatsegula pakamwa ali ndi ana akeake, ndipo tsiku limenelo wina adzamuyankha kuti zakale zimenezo, iwalani. Choncho tikavomera kuti zakale zisakumbidwe, tavomera kuti pasadzafufuzidwe kanthu mpaka kalekale, pakuti zatsopano sizinatuluke ndipo zotuluka zakalamba. Akuluakulu omwewo ndi amene anatiphunzitsa kuti mlandu suola. Sindikuona chifukwa choti mwambiwu ugwire ntchito pa ngongole ndi malire a minda koma uleke kugwira pa thupi la mwana.

Zoti akale sankadziwa kuti akulakwa, mapepala awo omwe amawatsutsa. Ku Canada, kumene ana pafupifupi 150,000 a mitundu ya eni dziko anatengedwa n'kuikidwa m'sukulu zogonera konko zoyendetsedwa ndi mipingo pa ndalama za boma, dokotala wa boma Peter Bryce analemba lipoti mu 1907 lonena kuti ana akufa mochuluka ndi chifuwa chachikulu chifukwa cha mmene ankasungidwira. Akuluakulu anawerenga, sanachitepo chenicheni, ndipo sukulu zomaliza za mtunduwu zinadzatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Ku Ireland, lipoti la woweruza Sean Ryan la mu Meyi 2009, lonena za sukulu zosungira ana, linapeza kuti malamulo oletsa kumenya ana mopitirira muyezo analipo koma ankaphwanyidwa, kuti unduna wa zamaphunziro unkagwadira magulu a mpingo amene ankayendetsa sukuluzo, ndiponso kuti oyendera sukulu ankabwera atadziwitsa kale ndipo sankalankhula kwenikweni ndi ana. Koma chimene chimandiumitsa thupi m'lipotilo ndi ichi: wantchito wamba akagwidwa akugwiririra mwana, kawirikawiri ankaperekedwa kwa apolisi, akagwidwa wa m'gulu lawo, nkhani inkathera m'nyumba, munthuyo n'kusamutsidwira kusukulu ina kumene ankakapitiriza. Anthu amene ankatha kusiyanitsa chonchi sitingawanene kuti anali mumdima wa nthawi yawo. Njira ya kupolisi ankaidziwa bwinobwino, ankangosankha woti amuyendetsemo.

Mfundo yachitatu ndimailemekeza kuposa ziwiri zoyambazi, ndiyo ya bodza. Dzina la munthu likangoyandikana ndi mawu oti wogwiririra ana silichapika, ngakhale mwiniwake atadzapezeka wosalakwa. Ndipo mabodza otere amachitikadi. Ku Britain komweko, Carl Beech ananamizira akuluakulu a ndale ndi a usilikali kuti ankagwiririra ndi kupha ana. Apolisi a ku London anamukhulupirira, anachita chipikisheni m'nyumba za anthu okalamba, wina anamwalira dzina lake lisanayeretsedwe, mpaka mu 2019 Beech anagamulidwa kukakhala kundende zaka 18, mlandu waukulu uli wa bodza lomwelo. Nkhani imeneyi iyenera kuchenjeza aliyense amene amaganiza kuti kukhulupirira wodandaula kumatanthauza kuleka kufunsa mafunso. Komabe onani chimene chinalakwika pamenepo: mawu a munthu mmodzi anatengedwa osayesedwa. Komiti yoyenda bwino imapatula zipinda ziwiri. China n'chomvetsera, kumene munthu amafotokoza mbiri yake popanda wina kuweruzidwa. China n'chofufuzira, kumene wotchulidwa amauzidwa zimene akumunenera n'kupatsidwa mpata woyankha ali ndi loya wake. Ndipo chimene chimalemera pasikelo ndi kufanana kwa nkhani. Tiyerekeze anthu 30 osadziwana, a misinkhu yosiyana, okhala m'mizinda yotalikirana, onse akutchula kachipinda komweko kuseri kwa laibulale, nthawi yomweyo, mawu omwewo oopsezera. Wabodza mmodzi sangapange zimenezo. Kuwonjezera apo, manambala oopsa kwambiri nthawi zina sachokera kwa odandaula n'komwe. Chiwerengero choti anthu 4,444 anakadandaula ku Mpingo wa Katolika ku Australia pakati pa 1980 ndi 2015 chinachokera m'mabuku a mpingo womwewo, komiti itawaitanitsa.

Mantha a bodza nawonso akapitirira muyezo amabala chinthu china. Ku Ireland gulu lachikatolika la Christian Brothers, limene linkayendetsa zina mwa sukulu zija, linapita kukhoti kukateteza mayina a anthu ake, ndipo lipoti la Ryan, mabuku asanu athunthu, linatuluka ozunza ali ndi mayina opeka. Nkhalamba imene inadikira zaka zisanu ndi zinayi kuti ione dzina la amene anaiononga inatsegula lipoti n'kupeza dzina la munthu amene kulibe. Kuteteza wosalakwa n'koyenera, koma kumeneku kunali kufunditsa bulangete limodzi wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Ena amati makomiti amenewa ndi nkhondo yolimbana ndi mipingo ndi mabungwe achifundo, amene analera ana amene dziko linawataya, ndiye bwanji osawasiya adzifufuze okha? N'zoona kuti m'malo amenewa munali anthu abwino ambiri amene anapereka moyo wawo wonse kulera ana a eni, ndipo ena mwa iwo ndi amene anayesa kuulula n'kudedwa nazo. N'zoonanso kuti bungwe lingathe kulola kufufuzidwa moona mtima. Atsogoleri a Mpingo wa Katolika ku France anapempha Jean-Marc Sauvé kuti atsogolere komiti yoima payokha, ndipo lipoti lake la mu 2021 silinanyengerere: linayerekeza kuti ana pafupifupi 216,000 anachitidwa nkhanza zogonana ndi ansembe ndi ena odzipereka ku moyo wa mpingo kuyambira 1950. Tiwayamikire. Koma chitetezo cha ana sichingadalire kuti mwini kabati adzuke ndi mtima wabwino, popeza yemweyo ndi amene amasankha kabati yoti atsegule. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wogwiririra wa pasukulu yotchuka amatetezedwa ndi mbiri ya sukuluyo, chifukwa aliyense wofuna kumuponya mwala akuopa kuswa mkhate umene iyenso amamwera. Ahedi akuopa kuti makolo achotsa ana awo, mtsogoleri wa mpingo akuopa manyazi, bungwe likuopa kuti amene amalithandiza ndalama atembenuka. Sikuti onsewa ndi oipa mtima. Ali ndi chotaya basi, ndipo mwana amene akudandaulayo ndi amene alibe mphamvu kuposa onse m'chipindamo. N'chifukwa chake pamafunika munthu wakunja, amene mkhatewo si wake, atanyamula lamulo lomulola kutsegula kabati iliyonse.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amakonda kuloza mipingo yokha. Boma nalo ndi khoswe wa pamkhate, mwinanso wamkulu kuposa onse. Komiti ya ku New Zealand, m'lipoti lake la mu Julayi 2024, inayerekeza kuti mwa anthu pafupifupi 655,000 amene anasungidwa m'malo a boma ndi a mipingo kuyambira 1950 mpaka 2019, pafupifupi 200,000 anachitidwa nkhanza. Ku Ireland ana ankatumizidwa kusukulu zija ndi makhoti, boma linkalipira ndalama pamutu pa mwana aliyense, ndipo boma lomwelo ndi limene linkatumiza oyendera. Ndiye mawu oti komiti ya boma ali ndi msampha mkati mwake: wofufuzidwa ndi amene amasankha wofufuza n'kumamulipira. Wapampando woyamba wa komiti ya ku Ireland, woweruza Mary Laffoy, anatula pansi udindo mu 2003 akudandaula kuti boma likuchedwetsa ntchito yake, pomwe unduna wa zamaphunziro umene unkayang'anira zosowa za komitiyo unalinso pakati pa ofufuzidwa. Ku England apampando awiri oyamba anachoka mu 2014 ntchito isanayambe n'komwe, anthu atadandaula kuti ali pafupi kwambiri ndi akuluakulu a m'boma a nthawi imene inkafufuzidwayo. Otsutsa angatenge izi ngati umboni wawo. Kwa ine zikungosonyeza pamene lamulo lokhazikitsa komiti liyenera kumangidwa zolimba: komiti iziyankha ku nyumba ya malamulo, ndalama zake zisadutse mu unduna umene ukufufuzidwa, ndipo ozunzidwawo akhale ndi mawu pa amene akhale pampando.

Tsopano ndifike pa mfundo yolemera kuposa zonse, imene Alexis Jay anaidzutsa ija: makomiti amadya ndalama zambiri, amatenga zaka, ndipo malipoti ake amakatuwa m'mashelefu. Sindikana chilichonse pamenepa. Kafukufuku wa ku England ndi Wales anatenga zaka zisanu ndi ziwiri ndi mapaundi oposa 180 miliyoni. Ku Northern Ireland woweruza Anthony Hart anatulutsa lipoti lake mu Januwale 2017, lolangiza chipukutamisozi ndi kupepesa, koma mwezi womwewo boma la kumeneko linagwa chifukwa cha mikangano ya ndale. Hart anamwalira mu Julayi 2019 asanaone malangizo ake akukwaniritsidwa, lamulo la chipukutamisozi linadzadutsa ku London kumapeto kwa chaka chimenecho, ndipo kupepesa kunachitika mu Malichi 2022. Pa zaka zonsezo nkhalamba zimene zinapereka umboni zinkaikidwa m'manda imodzi ndi imodzi. Ku Ireland boma linagwirizana ndi magulu a mpingo mu 2002 kuti iwo apereke ma euro 128 miliyoni okha, boma lisenze zotsala, ndipo ndalama zonse zinadzapitirira ma euro biliyoni imodzi, mtolo waukulu n'kugwera okhoma msonkho. Ndikudziwanso chifukwa chake andale amaikonda komiti pamene anthu akwiya. Imaziziritsa moto. Mtolankhani akafunsa, nduna imayankha kuti nkhaniyi ili m'manja mwa komiti, sitingayankhulepo, ndipo yankho limenelo limagwira ntchito zaka zisanu, mpaka chisankho chidutse.

Koma tiyeni tiloze chala pamene pali chilonda. Wodwala akapimidwa n'kupezeka ndi matenda, achibale n'kukana kugula mankhwala, palibe amene amanena kuti kupima n'kopanda ntchito. Zonse zimene ndatchulazi zinalakwika lipoti litatuluka, kapena zinalakwika m'manja mwa boma. Ndipo onani kuti Alexis Jay anatha kulikalipira boma chifukwa anali ndi pepala m'manja, mfundo 20 zowerengeka, zoti munthu angafunse kuti iyi mwachita, iyi simunachite. Lipoti lili ngati kalata ya ngongole: wangongole angazembe, koma sangakane kuti ngongole ilipo. Kumene kulibe lipoti nduna imangoti ndi mphekesera, ndi anthu ochepa oipa, tachitapo kale kanthu, ndipo palibe poigwirira. Kumene boma linakakamizika kuyankha, zinthu zinasuntha. Komiti ya ku Australia inapereka malangizo 409. Mu Julayi 2018 ndondomeko ya chipukutamisozi ya dziko lonse inayamba, mu Okutobala chaka chomwecho nduna yaikulu Scott Morrison anapepesa m'nyumba ya malamulo, zigawo za dzikolo zinachotsa malire a nthawi amene ankaletsa wozunzidwa kusuma patapita zaka, ndipo zinakhwimitsa malamulo okakamiza akuluakulu kuulula nkhanza, kwina mpaka zimene wansembe wamva polapitsa. Mabungwe okana kulowa m'ndondomeko ya chipukutamisozi anaopsezedwa kuti ataya thandizo la boma. Sizinayende zonse bwino: komiti inati chipukutamisozi chifike madola 200,000, boma linadula n'kuika 150,000. Koma ngakhale kudulako tikukudziwa chifukwa panali nambala yolembedwa yoti tiyerekezere.

Choncho mankhwala a lipoti lotuwa ndi kumanga boma manja komiti isanayambe, nthawi imene andale akadali ndi manyazi. Lamulo lokhazikitsa komiti linene kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi lipoti litatuluka, boma liyankhe m'nyumba ya malamulo mfundo iliyonse payokha, inde kapena ayi, ndi chifukwa chake, ndipo chaka ndi chaka lizibwera kudzanena pamene lafika. Komiti isadikire mapeto kuti ilankhule. Ikapeza chibowo chimene ana akugweramo lero, ichitchule lero. Okalamba ndi odwala asadikire tsamba lomaliza. Ku Scotland, kumene kafukufuku anayamba mu 2015, boma linayamba mu 2019 kupereka mapaundi 10,000 mwachangu kwa ozunzidwa okalamba ndi odwala matenda osachiritsika, kafukufuku akadali mkati. Ndi nzeru yosavuta imene ikanapulumutsa ulemu wa anthu ambiri ku Northern Ireland.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za mayiko olemera, osauka sangazikwanitse. Mamiliyoni aja asatiopseze. Mtima wa kafukufuku ndi zinthu ziwiri: chipinda chimene munthu angalankhuliremo mosaopa, ndi lamulo lokakamiza ofesi kutulutsa fayilo. Zimenezi dziko lililonse limene limatha kuyendetsa mayeso a sukulu ndi zisankho lingazikwanitse. Ndipo tisadzinamize kuti mayina a Ireland, Canada ndi Australia akutuluka m'nkhaniyi chifukwa anthu a kumeneko ndi oipa kuposa ena. Akutuluka chifukwa anatsegula makabati. Paliponse pamene pali mwana wotalikirana ndi kwawo, wamkulu wokhala ndi kiyi, ndi bungwe loopa manyazi, zinthu zitatuzi zakumana, ndipo chete wa dziko limene silinafufuzepo sakutiuza kanthu za chitetezo cha ana ake.

Yatsala mfundo imodzi, yoti kukumba zakale kumatsegula mabala a ozunzidwa. Kumatseguladi, ndipo komiti yosasamala ingamupweteke munthu kachiwiri, makamaka ikamusiya m'manja mwa maloya omufunsa ngati wakuba. Ku Ireland olandira chipukutamisozi analetsedwa ndi lamulo kuulula zimene zinachitika pa nkhani yawo ya malipiroyo, ngati kuti boma likugula chete yemwe uja anawaononga. Zimenezo n'zofunika kuzipewa. Koma ndaona kuti amene amadera nkhawa kwambiri mabala a ozunzidwa kawirikawiri ndi amene ali ndi kabati yoti ateteze. Eni mabalawo palibe anawakoka. Ku England ndi Wales anthu oposa 6,000 anabwera okha kudzafotokoza mbiri zawo. Wosafuna kulankhula asakakamizidwe, koma wina asamusankhire chete m'dzina lomumvera chisoni.

Mphunzitsi wathu uja ngati ali moyo ndi nkhalamba tsopano, mwina anapuma ntchito mwaulemu, anzake atamuyamikira pa zaka zambiri zotumikira ana. Mnzathu amene sanabwerere uja, zaka 24 zake zinakwana kalekale. Kalata yosamutsa ija iyenera kuti ikadali m'fayilo ina, m'ofesi ina, ili ndi deti, sitampa ndi siginecha ya munthu amene ankadziwa chifukwa chenicheni. Ine ndikapita kukaipempha andifunsa kuti ndinu ndani. Mnzanga uja akapita amuuza kuti mafayilo a ogwira ntchito ndi achinsinsi. Wapolisi sangaifune popanda mlandu, ndipo mlandu sungayambe popanda wodandaula amene wakonzeka kuima yekha pamaso pa anthu. Komiti yokhala ndi lamulo kumbuyo kwake ingalembe mzere umodzi wokha, kuti fayilo ya mphunzitsi wakuti ifike pofika Lachisanu, ndipo amene anasayina uja abwere nayo.